Mlandu Suola

Makolo akale anati mlandu suola. Ponena cotero anali kutanthauza kuti wocimwa angathawire kutali, angakhale zaka zambiri osaoneka, tsiku lace lidzakwana lakuti akhale pansi pa bwalo ndi kuyankha. Kawirikawiri mau amenewa amapherezera. Koma m'mbiri ya anthu muli mirandu yina imene sinaole cinkana mwini wace sanadziwike, ndipo mlandu wotere umasanduka citsa ca pakati pa njira, cimene cimapunthwitsa odutsa amene sanadule mtengowo. Nkhani ino iri ya mirandu iwiri ya mtundu umenewu. Woyamba unacitika m'mudzi waukuru wa London m'masiku a Mfumukazi Victoria, ndipo anthu wamba akhala akuufufuza kwa zaka zoposa 130. Waciwiri unacitika pafupi, m'makomboni a ku Blantyre. Ofufuza ace ndi owerengeka pa zala, komabe ndiwo umene mcira wace unadzafika mpaka ku malire a Chipata.

M'caka ca 1888 Angoni a Mpezeni anali cikhalire ndi ng'ombe zao ndi zishango zao. Panali patatsala zaka 10 kuti ifike nkhondo ya 1898, imene inaphetsa Nsingo mwana wa mfumu ndi kutsegula njira yakuti Azungu amange boma la Fort Jameson, limene lero lichedwa Chipata. Nthawi imeneyo London unali mudzi waukuru koposa pa dziko lonse lapansi, wodzala ndi cuma cocokera ku maiko ambiri. Koma kum'mawa kwace kunali dera la amphawi lochedwa Whitechapel. Anthu ambiri a kumeneko analibe nyumba zao-zao. Usiku uli wonse anali kulipira makobiri 4 kuti apeze pogona m'nyumba za alendo, ndipo wosowa makobiriwo anali kucezera kuyenda m'miseu kufikira kunja kutaca. Kunalinso Ayuda ambiri ongofika kumene, othawa mazunzo a ku Russia ndi ku Poland.

Pa 31 August 1888, m'bandakuca, munthu wina woyendetsa ngolo popita ku nchito anapeza mtembo wa mai wochedwa Mary Ann Nichols m'kamseu ka Buck's Row, wocekedwa pakhosi. Usiku womwewo maiyo anali atabwezedwa pa nyumba yogona cifukwa cosowa makobiri 4 aja. Pa 8 September anapeza Annie Chapman kuseri kwa nyumba ya mu Hanbury Street. Pa 30 September anaphedwa awiri usiku umodzi, Elizabeth Stride ndi Catherine Eddowes, pasanapite ndi ora lathunthu pakati pao. Pa 9 November anapeza Mary Jane Kelly m'kacipinda kace ku Miller's Court, ndipo zimene anacita nalo thupi lace siziyenera kulembedwa m'buku. Asanu amenewa ndiwo amene ambiri avomerezana kuti anafa ndi dzanja limodzi, ngakhale m'mapepala a polisi mlandu wa Whitechapel unawerenga akazi 11, kuyambira April 1888 kufikira February 1891.

Wakuphayo sanagwidwe, koma dzina analipeza msanga. Pa 27 September inafika kalata yolembedwa ndi inki yofiira ku ofesi yogawira nkhani kwa a nyuzi, ya Central News Agency, ndipo pansi pace panali dzina lakuti Jack the Ripper, ndiko kunena Jack wong'amba. Akuru ena a polisi pambuyo pace anakhulupira kuti analemba kalatayo ndi wolemba nyuzi wofuna kuti mapepala agulidwe. Dzinalo litamveka, makalata ena mazanamazana anatsatira, ocokera kwa anthu osowa cocita ndi amisala. George Lusk, mtsogoleri wa kagulu ka eni dera amene anali kulondera usiku, analandira phukusi lokhala ndi theka la impso.

Pamene wolakwa sadziwika, pakamwa pa anthu sipakhala cete. Mbiri inabuka yakuti wakuphayo ndi Myuda wobvala cikumba pamimba monga acitira osoka nsapato, ndipo apolisi anagwira wosoka nsapato wina dzina lace John Pizer. Koma anammasula ataona kuti masiku a imfazo anali kwina. Usiku uja anaphedwa awiri, pa khoma lina mu Goulston Street panapezeka mau olembedwa ndi coko ochula Ayuda. Mkuru wa apolisi, Sir Charles Warren, analamula kuti awafafanize asanawajambule, poopa kuti kukaca khamu lingaukire Ayuda. Warren ameneyu ndi yemweyo amene mu 1885 anatsogolera asilikari ku Bechuanaland, dziko la Botswana la lero. Ena amdzudzula kuti anataya umboni, ena amyamika kuti anapulumutsa miyoyo. Iye anatula pansi udindo mu November caka comweco.

Apolisi atalephera, nchito inagwera m'manja mwa anthu amene sanalembedwe ndi munthu kuti aigwire: olemba nyuzi, aphunzitsi, madotolo opuma pa nchito, makalaliki, ndi ena ongokonda kufukula zakale. Buku loyamba lochuka linaturuka mu 1929, lolembedwa ndi Leonard Matters, ndipo linaimba mlandu dotolo wina wobwezera imfa ya mwana wace. Koma dotoloyo palibe anampeza m'kaundula ali yense. Mu 1959 Daniel Farson anaona cikalata cimene mkuru wina wa polisi, Melville Macnaghten, analemba mu 1894, cochula anthu atatu owaganizira. Woyamba anali Montague Druitt, loya ndi mphunzitsi, amene mtembo wace unapezeka mu mtsinje wa Thames pa 31 December 1888. Waciwiri anali Kosminski, Myuda wa ku Poland amene anatsekeredwa m'nyumba ya amisala. Wacitatu anali mbala yochedwa Michael Ostrog. Mu 1970 dotolo wokalamba, Thomas Stowell, analemba mophiphiritsa kuti wakuphayo anali Prince Albert Victor, mdzukulu wa Mfumukazi yomwe. Ndipo nkhani imeneyi inakondweretsa anthu kwambiri, pakuti imalongosola bwino cifukwa cace mlandu unazizira, monga akuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tsoka lace, mabuku olemba maulendo a banja lacifumu asonyeza kuti usiku wa pa 30 September mwana wa mfumuyo anali ku Scotland.

Sizinathere pomwepo ai. Mu 1992 kunaturuka buku lolemba pamanja, lonenedwa kuti ndi cibvomerezo ca James Maybrick, wamalonda a thonje wa ku Liverpool, ndipo patapita zaka zowerengeka munthu amene analibweretsa analumbira kuti analipeka yekha, kenaka nakananso lumbirolo. Mu 2002 Patricia Cornwell, wolemba nthano wa ku America, anataya ndalama zambiri pofuna kutsimikiza kuti anali Walter Sickert, katswiri wojambula zithunzi. Mu 2014 wina ananena kuti wapeza zizindikiro za magazi a Kosminski pa nsalu yakale, koma akatswiri ena anatsutsa mayesedwe ace pamodzi ndi mbiri ya nsaluyo. Anthu amene achulidwa kuti ndiwo Jack apitirira 100, ndipo pafupifupi onse anachulidwa ali m'manda, osatha kudziyankhira.

Munthu akaika mabuku onsewa pamodzi aona kuti ofufuzawo ali a mitundu iwiri. Alipo amene amayamba ndi dzina, nafunafuna umboni wolikwanira, monga mmisiri wopusa amene asema khasu kuti lilowe mu mpini wokhota. Alipo ena amene amayamba ndi mapepala, nalola kuti mapepalawo awatsogolere kumene afuna. A mtundu waciwiriwu sanagwire wakupha, koma zimene anapeza sizinagwe. Philip Sugden, wophunzira mbiri yakale, anapeza kuti Ostrog uja anali m'ndende ku France pa nthawi ya imfazo, motero anamcotsera mlandu umene unamkangamira zaka 100. Ena anakhala miyezi yambiri akutembenuza makaundula a ubatizo, a maukwati, a kalembera ndi a nyumba zosungira amphawi, mpaka anadziwa kuti akazi aja anali yani. Mary Ann Nichols anali mkazi wa munthu wa nchito yosindikiza mabuku ndiponso mai wa ana 5. Annie Chapman anakwatiwa ndi woyendetsa gareta wa munthu wolemera. Elizabeth Stride anabadwira ku Sweden, ndipo Catherine Eddowes anacokera ku Wolverhampton. Mu 2019 Hallie Rubenhold anasonkhanitsa miyoyo yao m'buku lochedwa The Five, m'mene wakuphayo sapatsidwa malo konse. Onsewa anathandizidwa ndi cinthu cimodzi: mafaelo a polisi anatsegulidwa kwa ofufuza m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1987 munthu wosadzichula dzina anabweza pa positi mapepala ena amene anali atasowa, pamodzi ndi kalata ya inki yofiira ija. Amene anagwirapo nchito m'ofesi ya boma adziwa kuti pepala silifa msanga. Cimene limasowa ndi munthu wolifunsa.

Tsono zitapita zaka 80 zeni-zeni cicitikire za ku Whitechapel, zofanana nazo zinayamba ku Malawi. Kuyambira September 1968 kufikira March 1970 anthu osacepera 30 anaphedwa m'makomboni a ku Blantyre, ndipo mlandu wonse unatenga dzina la Chilobwe, komboni ya pafupi ndi phiri la Soche. Kusiyana kwace ndi za ku London kunali koopsa: akazi a ku Whitechapel ambiri anafera m'miseu, koma a ku Blantyre anali kuphedwa usiku m'nyumba zao momwe, m'mene munthu amayesa kuti wapulumuka akatseka citseko. Mitembo yina inapezeka yodulidwa ziwalo, ndipo cifukwa ca ici ambiri anaganiza za zizimba ndi mankhwala a ufiti. Miyezi inapita, apolisi osagwira munthu womveka, ndipo mantha anafalikira mudzi wonse ndi kupitirira.

Monga ku London, pakamwa pa anthu panadzaza malo amene apolisi anasiya. Koma mbiri ya ku Blantyre sinaloze mlendo wosauka, inaloza boma. Anthu ananong'onezana kuti akuphawo ndi otumidwa, ndipo kuti magazi a ophedwawo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole. Kuti wowerenga amvetse kumene maganizo otere anacokera, ayenera kukumbukira zinthu zitatu za masiku amenewo. Mu 1967 Dr. Hastings Kamuzu Banda anapangana ubale ndi boma la Azungu la ku South Africa, pamene maiko ena a Afrika, ndi Zambia yemwe, anali kulifulatira. Mu 1968 boma lomwelo linabwereketsa Malawi ndalama zokwana 8 miliyoni za ku Joni zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Ndipo caka ndi caka anyamata zikwi zambiri anali kutengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golidi, ena nabwera ndi cifuwa, ena osabwera konse. Munthu wa ku mudzi akafunsa kuti dziko losauka lidzabweza ciani kwa wolemera wotere, yankho lakuti lidzabweza ndi anthu ace silinali kutali ndi mtima wace.

Nthano ya opopa magazi sinali yacilendo ai. Akuruakuru a kuno ku Zambia akumbuka banyama, amene anamveka kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1930 kufikira masiku a Federation, anthu akuda onenedwa kuti alembedwa ndi Azungu kuti agwire anzao ndi kuwakhetsa magazi. Luise White, amene anafufuza nkhani zimenezi m'maiko angapo nalemba buku lace mu 2000, anasonyeza kuti zimabuka pamene anthu aona kuti matupi ao ndi thukuta lao ziri kudyetsa ena m'njira zosaoneka. Palibe botolo la magazi ndi limodzi lomwe limene linasonyezedwa pa bwalo kuti linacoka ku Chilobwe kupita ku Joni. Mbiriyo inali yabodza pa mau ace, koma mantha amene anaibala anali ndi mizu yeniyeni. Ndipo boma lanzeru likadayankha manthawo. Nthano yomweyo inadzukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 ndi dzina lakuti anamapopa, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi khamu.

Boma la Dr. Banda linafuna wolakwa, ndipo linamfuna msanga. Mu 1969 amuna 5 anaimikidwa pa Bwalo Lalikuru, limene nthawi imeneyo oweruza ace anali Angerezi otsata malamulo a umboni a kwao. Umboni unacepa, ndipo amunawo anapezeka opanda mlandu. Mkwiyo unali waukuru. M'nyumba ya malamulo ku Zomba aphungu ndi nduna anaimirira mmodzimmodzi kunena kuti ciweruzo ca Azungu cimasula ambanda, ndiponso kuti maloya ndi anthu olipidwa kuti apotoze coona. Caka cisanathe anakonza lamulo lopatsa mabwalo a makolo mphamvu yoweruza mirandu ya kupha ndi kulamula imfa. Panakhazikitsidwa mabwalo atatu a zigawo, ndi limodzi la dziko lonse lomvera madandaulo. Oweruza ace ambiri anali mafumu, osankhidwa ndi boma, amene boma lomwelo likadatha kuwacotsa. Woimbidwa mlandu sanaloledwe kukhala ndi loya, malamulo a umboni anamasulidwa, ndipo kucokera ku mabwalo amenewa kunalibe njira yopita ku Bwalo Lalikuru. Oweruza Acingerezi anai, pamodzi ndi mkuru wao Sir Peter Watkin Williams, anatula pansi nchito nacoka.

Pano pali cinthu cimene a ku Zambia ayenera kucidziwa, pakuti caka comweco ca 1969 ku Lusaka nakonso kunali mkangano wa boma ndi oweruza. Woweruza wina anamasula asilikari awiri Acipwitikizi amene anadumpha malire kucokera ku Angola, Dr. Kenneth Kaunda anakwiya, ndipo anyamata a Zambia Youth Service anathyola nalowa m'Bwalo Lalikuru. Mkuru wa oweruza, James Skinner, wobadwira ku Ireland, amene anali bwenzi la UNIP kuyambira masiku omenyera ufulu, anaima kumbali ya woweruza mnzace, nacoka m'dziko. Mu 1970 munthu yemweyo ndiye anaitanidwa kukakhala mkuru wa oweruza ku Malawi, nakhala pa mpandowo zaka 15, pambali pa mabwalo amene iye analibe nao ulamuliro.

Mu March 1970 apolisi anagwira munthu wochedwa Walla Laini Kawisa, ndipo zidindo za zala zace ndizo zinammanga. Kuyambira mwezi umenewo kuphana kwa mtundu uja kunaleka. Kawisa anabvomera, koma anabvomera kangapo, ndipo cibvomerezo cina sicinafanane ndi cinzace. Anaweruzidwa pa bwalo la makolo la cigawo ca kumwera, wopanda loya, nalamulidwa imfa, ndipo ananyongedwa mu 1972. Kuti manja ace anali ndi magazi, ambiri amene anawerenga mlanduwo sakana. Cimene cimabvuta ndi ciwerengero. Kodi munthu mmodzi angathyole nyumba zambiri cotero kwa miyezi 18, m'makomboni m'mene khoma la wina liri pafupi ndi khoma la mnzace, popanda womlondera panja kapena womsunga? Cala cimodzi siciswa nsabwe. Funso limeneli ndilo limene loya akadafunsa pa bwalo, ndipo bwalo linakonzedwa dala kuti loya asalowemo. Cotulukapo cace ndi cakuti amuna 5 aja amene oweruza Acingerezi anatukwanidwira anali atamasulidwa moyenera, pakuti boma lomwelo linadzasenzetsa mlanduwo munthu wina. Koma lamulo limene linabadwa cifukwa ca kumasulidwa kwao silinafafanizidwe.

Panalinso wina wamkuru amene citsa cija cinampunthwitsa. Gomile Kumtumanji anali nduna ndiponso mtsogoleri wamphamvu wa cipani ca Malawi Congress Party m'cigawo ca kumwera. Mbiri za m'makomboni zinamchula kuti ali ndi dzanja pa imfazo. Anacotsedwa pa udindo, natsekeredwa, ndipo sanaturukenso. Anafera m'ndende mu 1990. Ku London ofufuza anachula mdzukulu wa Mfumukazi patapita zaka 78 iye atafa, ndipo palibe cinamcitikira. Ku Blantyre dzina lochulidwa pa mtondo ndi pa mowa linali lokwanira kumeza zaka 20 za moyo wa munthu.

Nanga ofufuza wamba a mlandu wa Chilobwe ali kuti? Pano ndi pamene mirandu iwiriyi isiyana koposa. Mu 1888 a nyuzi a ku London anasindikiza mau a mboni iri yonse pa bwalo lofufuza imfa, tsiku ndi tsiku, ndipo mapepala amenewo ndiwo nkhokwe imene ofufuza akhala akutapamo. Ku Malawi, kuyambira 1966 cipani cinali cimodzi, mu 1968 linakhazikitsidwa lamulo loyang'anira zolembedwa ndi zosindikizidwa, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wa muyaya. Kalaliki kapena mphunzitsi amene akadayendayenda m'Chilobwe ndi kabuku m'manja, kufunsa amasiye kuti anaona ciani usiku uja, akadagona m'citokosi tsiku lomwelo. Cifukwa cace zolembedwa zolongosoka zinacokera kwa alendo amene anali ndi kothawira. Paul Brietzke, mphunzitsi wa malamulo wa ku America, anasindikiza nkhani ya mlandu wa Kawisa mu 1974 m'magazini ya African Studies Review, ndipo olemba ambiri a pambuyo pace amadalira iyeyo. Joey Power, wa ku Canada, anabwereranso ku nkhaniyi m'buku lace la mbiri ya ndale za Malawi la mu 2010, nasanthula makamaka mbiri za magazi zija ndi kugwa kwa Kumtumanji. Kuwerenga mabuku a Whitechapel kungamtengere munthu zaka. Zolembedwa za Chilobwe angazitsirize m'masiku owerengeka.

M'menemo mabwalo aja anapitiriza nchito, ndipo nchito yao inakula. Anapatsidwanso mphamvu pa mirandu youkira boma. Mu 1977 bwalo la makolo linaweruza Albert Muwalo Nqumayo, amene anali mlembi wamkuru wa cipani ndi munthu woopedwa m'dziko lonse, ndipo ananyongedwa ku Zomba caka comweco. Ambiri sanamlire, pokumbukira anthu amene iye anatsekeretsa. Koma msampha susankha mwendo.

Orton Chirwa anali loya woyamba wacikuda wa ku Nyasaland, mmodzi wa oyambitsa Malawi Congress Party mu 1959, ndiponso nduna yoyamba ya za cilungamo dziko litalandira ufulu. Atasemphana ndi Dr. Banda mu 1964 anathawira ku Tanzania, kumene pambuyo pace anayambitsa gulu lotsutsa lochedwa MAFREMO. Mkazi wace, Vera Chirwa, nayenso loya, anali kuphunzitsa malamulo pa University of Zambia ku Lusaka. Pa 24 December 1981, tsiku lakuti mawa ndi Krisimasi, awiriwa pamodzi ndi mwana wao anali m'dera la Chipata, ndipo anagwidwa ndi anthu a boma la Malawi. Boma linanena kuti anawagwira atalowa kale m'dziko ca ku Mchinji. Iwo eni anaumirira kuti anabedwa ali m'Zambia. Anawatengera ku Blantyre, ndipo anaimikidwa pa bwalo la makolo la cigawo ca kumwera, lomwe lija linaweruza Kawisa. Maloya awiri ophunzira ku London anaimbidwa mlandu wofuna kulanda boma pa bwalo limene loya saloledwa kuimira munthu, ndipo mboni zimene anapempha kuti zicokere kunja sizinaloledwe. Mu May 1983 analamulidwa imfa. Maiko ambiri ndi mipingo, makamaka ya ku Scotland, anadandaula, ndipo mu 1984 cilangoco cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Anawasunga m'ndende imodzi ya Zomba osaonana kwa zaka 8. Orton Chirwa anafera momwemo mu October 1992, ndipo Vera Chirwa anamasulidwa mu January 1993. Caka comweco mabwalo aja anaimitsidwa, ndipo malamulo atsopano a dziko a mu 1994 sanawapatsenso malo.

Motero njira yocokera pa citseko cothyoledwa ca m'Chilobwe mu 1968 inadutsa m'nyumba ya malamulo ku Zomba, nidzatulukira pa malire a Chipata patapita zaka 13. Olemba mbiri aitsata bwino njira imeneyi, pakuti m'menemo muli maina a nduna, a oweruza ndi a mafumu. Koma kumene inayambira kuli mdima. Akazi asanu a ku Whitechapel adziwika masiku ao obadwa ena, maina a amuna ao ndi ana ao, miseu imene anagonamo, ndi manda m'mene anaikidwa. Alendo amapita kukaikako maluwa. Anthu a ku Chilobwe, amene anaposa aja kasanu ndi kamodzi, m'mabuku ambiri amachulidwa ndi ciwerengero cokha. Komatu ali yense wa iwo anali ndi mudzi wa kwao, mfumu yace ya ku mudzi, mbale amene anasenza maliro, ndipo kapena chalici limene linalemba dzina lace m'kaundula.

Nchito yotsalayo siifuna digiri kapena ndalama za Patricia Cornwell. Ciletso ca kufunsa cinatha mu 1994. Ku Zomba kuli nyumba yosungira mapepala akale a boma la Malawi; ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, muli laibulale ya Society of Malawi; ndipo zokamba za aphungu a mu 1969 zinasindikizidwa mau ndi mau monga mwa mwambo wa nyumba ya malamulo. Wocokera ku Chipata akadutsa pa Mwami m'mawa, angagone ku Blantyre tsiku lomwelo. Koma mapepala angathe kudikira, anthu ai. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 mu 1969, amene anamva kukuwa ku nyumba yoyandikana nayo ndipo m'mawa mwace anaona amene anaturutsidwamo, tsopano wapitirira zaka 70.